Waya wachisanu wa a Kadula

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga wamng'ono, anthu ankawatcha a Kadula. Anali okonza mawailesi. Wailesi iliyonse yolowa m'kashopu kawo inkatuluka ikuimba bwino, koma itapepukako, pakuti waya aliyense amene iwo sankaona ntchito yake ankamudula n'kumuponya m'chitini cha mkaka. Zitini zoterozo zinalipo zisanu ndi ziwiri, zitandandalika pashelefu ngati ana asukulu.

Imvi zitayamba kuwoneka, anthu analeka kubweretsa mawailesi. Alamu sanagwire njakata. Anaphunzira kulangiza kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene iwo ankati kaubongo: ukakalembera malangizo pa kompyuta, iko kamachita zomwezo.

Chaka chimenecho mlongo wanga anaika mazira mazana atatu m'makina ofungatira, m'kanyumba ka kuseri kwa bwalo. Maondo ake anali atayamba kudandaula, choncho alamu anati, "Mayi, kuyambira lero mazira azikuuzani okha mmene aswerera." Anaika kaubongo m'makinamo kuti kaziyeza kutentha, n'kukalumikiza ku kawailesi kotumiza mawu pa kagalasi koonetsa zolemba kamene anakapachika kukhitchini. Kawailesiko kanabwera ndi mawaya asanu: awiri a magetsi, wina wotumizira, wina wolandirira. Wachisanuyo anamuyang'ana, anamutembenuza, kenako basi, wapita m'chitini.

Kaubongoko anakaphunzitsanso ulemu. Uthenga uliwonse unkayamba ndi, "Moni mayi okongola, mwini bwalo lino," kenako manambala a kutentha kwa mashelefu onse asanu ndi limodzi a m'makinamo, osapumira.

Ine ndinakacheza tsiku lakhumi chiikireni mazirawo. Ndisanamalize n'komwe kapu ya tiyi, mlongo wanga anayang'ana pa kagalasi n'kukuwa, "Akuti 8! Mazira anga azizira!" Uyo, liwiro la mtondo wadooka, maondo aiwalika. Anatsekula makina, napeza kutentha kuli pa 38, monga kuyenera. Atangokhala pansi, kagalasi kanati 3838.

"Achimwene, akuwira!" Uyonso.

Ine misozi ili mbwee ndi phwete. Komatu ulendo uliwonse akatsekula chitseko, kutentha kwenikweniko kunkathawa, ndipo mazira ankazizira zoona.

"Abambo, chotsani moni wanuyo," mlongo wanga anatero akupuma wefuwefu. "Kanthuka kakulongolola ngati mwini wake."

"Moni sachoka. Zaka makumi anayi ndakupatsani moni m'mawa uliwonse, lero ndilekere mazira?"

"Nanga kabowo kopanda waya aka n'kachiyani?"

"Kokongoletsa."

"Alamu," ndinatero, "kapepala kamene kanabwera ndi kawailesika kali kuti?"

Tinakapeza pansi pa mwendo wa tebulo, katapindidwa kanayi kuti tebulolo lisagwedere. Ndinavala magalasi n'kuwerenga mokweza ngati mlaliki. Kawailesiko, kapepalako kanati, kamatumiza mawu mumphepo pang'onopang'ono, ndipo kali ndi kathumba kakang'ono kosungiramo mawu odikira. Kaubongo kakathira mawu mofulumira, kathumbako kamadzaza, otsalawo n'kutayika. Waya wachisanu ndiye pakamwa pa kawailesi ponenera kuti, "Taima kaye, ndadzaza," kenako, "Tsopano pitiriza."

Mlongo wanga anagwira m'chiuno. "Ndiye kuti kamwanaka kakhala kakukuwa kuti taimani masiku khumi, inu mutakadula pakamwa?"

Alamu anakanda pamutu. "Ndiikapo wina."

"Wina ayi. Yemweyo. Mumupeze."

Tinakhuthula zitini zonse zisanu ndi ziwiri pamkeka. Nkhalamba zitatu chogwada, tikufukula mawaya a zaka makumi atatu ngati nkhuku padzala, alamu akulonjera aliyense: uyu wa wailesi ya aphunzitsi, uyu wa ya telala wosamva uja. Wathuyo anali wobiriwira, wamfupi ngati chala. Anamuwotcherera pamalo pake, nalangiza kaubongo kuti kaziyamba kamvera wayayo kasanalankhule.

Tinaima atatu pa kagalasi, osaphethira. Mawu anabwera mwaulemu, amphumphu: "Moni mayi okongola, mwini bwalo lino. 38. 38. 38. 38. 38. 38."

Chitseko cha makina chinapuma, maondonso anapuma. Tsiku la 21 mazira anaswa anapiye mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi, phokoso lawo lomveka mpaka kumsewu, alamu akuvina pakati pa bwalo chitini chili m'manja ngati chisekese.

Alamu anatisiya zaka zinayi zapitazo. Kagalasiko kakadali kukhitchini, ndipo mlongo wanga akaika mazira, moni uja amabwerabe wathunthu. Iye amayankha, "Zikomo abambo," kenako n'kuwerenga manambala.