Ndolo Zagolide za Amayi

Pa Lewisham pali kasitolo kogula golide wakale. Ndikadutsapo mtima umandiwawa, chifukwa ndimakumbukira ndolo za amayi.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tikukhala m'kafulati konunkha chinyontho ku Edmonton. Bambo anali pa yunivesite, akulemba za alimi a ku America akalekale omwe ankafuna ndalama zasiliva, poti zagolide zinali zosowa ndipo mbewu zawo zinkangotsika mtengo. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, ankatsutsana ndi mnzawo wa ku Chipata mpaka tiyi kuzizira.

"Golide ndiye amapha mlimi, achimwene!" ankatero bambo, akumenya tebulo.

Ine mlimi ndinkadziwa mmodzi yekha, agogo aamuna a ku Kasungu, olima fodya. Ndiye golideyo tizimusunga m'nyumba mwathu, agogo akufa? Ndinatenga ndolo za amayi, zomwe anawasiyira malemu mayi awo, n'kukaziponya m'chibini chachikulu cha panja. M'mawa galimoto ya zinyalala inadutsa.

Amayi atazifuna ndolozo, ndinaulula monyadira. Anangokhala pansi, manja ali kumakutu, kenako n'kutembenukira bambo.

"Bambo a Tadala, mwaona sukulu yanuyo? Kubwebweta pamaso pa mwana ngati muli pa msonkhano wa chipani!"

Chimandinyansa n'choti bambo mpaka lero amafotokozera alendo nkhaniyi akuseka, ati ndine ndekha amene ndinamvetsa zolemba zawo. Ndolo ndagula kawiri konse. Amayi amathokoza bwinobwino, n'kuziika m'kabati, makutu ali opanda kanthu.