Denga la Mayi Agatha

Che Idi anafika ku Lilongwe kuchokera ku Mangochi ali mnyamata, atanyamula sowo imodzi yokulunga m'chiguduli. Pofika chaka cha 2006 ndevu zawo zinali zitachita imvi. Anali ndi mkazi, Mayi Zuhra, ana anayi, ndi kashedi ka ukalipentala m'mbali mwa msewu wafumbi ku Chinsapo. Sanali munthu wolankhulalankhula. Ukawapatsa moni akugwira ntchito, ankayankha misomali ili pakamwa.

Zaka zimenezo ntchito yambiri ya akalipentala inali mabokosi a maliro. Che Idi anali Msilamu, ndipo kwawo saika munthu m'bokosi. Koma anansi awo achikhristu ankafika m'mawa maso ali ofiira, atanyamula bango loyezera msinkhu wa malemu, ndipo iwo sakanawabweza. Ankakhoma. Mabango ena ankakhala aafupi kwambiri, ndipo tsiku lotero Che Idi sankadya.

N'chifukwa chake pamene Abambo Lucious, kalaliki wa mu ofesi ina m'tauni, anayambitsa kalabu yothandiza anthu m'deralo, Che Idi anali m'gulu la oyamba kulembetsa. Anauza akazi awo kuti akufuna akhomereko anthu amoyo.

Kalabuyo anaitcha Tilipo. Munali aphunzitsi, amayi a pamsika, telala, ndi kondakitala wa minibasi yemwe sankatha kunong'ona. Ankakumana Loweruka m'mawa, poti Lachisanu linali la kumzikiti ndipo Lamulungu la kutchalitchi. Ankavala masikipa obiriwira. Ankafukula ngalande mvula isanayambe, ankatchetcha udzu pachipatala chaching'ono, ndipo kawiri konse anakwirira maenje a mumsewu ndi zidutswa za njerwa, madzi n'kudzakokolola zonse. Ntchito imene Che Idi anaikonda kwambiri inali ya kusukulu ya pulayimale, kumene anadzutsa madesiki othyoka omwe anaunjikidwa kuseri kwa ofesi. Lolemba lake anatseka shedi n'kukaima pawindo la Sitandade 2, kungoti aone ana akulimbirana pokhala. Kamtsikana kena kankasisita thabwa ndi chikhatho ngati kakusisita mphaka. Tsiku limenelo Mayi Zuhra anawamva akuimba posamba.

Mayi Agatha ankakhala kumunsi, kufupi ndi dambo, m'kanyumba ka zidina ka zipinda ziwiri. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma anachokako kalekale. Amuna awo, omwe anali mlonda, anamwalira, ndipo ana awo awiri anatsatira. Ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pakhomo, maso atayamba kuchita nkhungu. Nyumbayo inali ya lendi ndipo anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mwini wake, mkulu wina wa ku Dedza, anali atamwalira, ndipo ana ake sankabwera n'komwe kudzaiona. Malata a padenga anali atadyeka ndi dzimbiri, atatsindikizidwa ndi miyala ndi matayala akale. Ukalowa masana, dzuwa linkagwera pansi madonthomadontho.

Mwini sitolo wina wa m'tauni atapatsa kalabu malata atsopano, mamembala sanakangane n'komwe za woti alandire. Loweruka lina anatsetsereka onse kupita kwa Mayi Agatha.

"Mayi, tabwera ndi nkhani yabwino," anatero Abambo Lucious, wapampando. "Chaka chino simunyowanso."

Mayi Agatha anapitiriza kutembenuza zitumbuwa m'chiwaya. "Zikomo, ana anga. Koma dengali lisiyeni. Ndinalizolowera."

"Munthu amazolowera kunyowa ngati bakha?" anafuula kondakitala, anthu n'kuseka.

"Kapatseni ena. Alipo ovutika kuposa ine."

Palibe amene anadabwa. Aliyense anakula akudziwa kuti munthu waulemu amayamba wakana. Mlendo ukamuitanira chakudya amati wakhuta, iwe n'kumukakamiza mpaka asambe m'manja. Che Idi ndi amene ananjuta pafupi ndi mayiwo.

"Mayi, musachite manyazi. Ine mabokosi ndakhoma okwanira. Ndiloleni ndikhomeko denga."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa, kenaka anamwaza maso pabwalo. Panali podzaza masikipa obiriwira, ndipo anansi anali akusuzumira pampanda.

"Poti mwanena ndinu," anatero.

Zoti nyumbayo ndi ya lendi onse ankadziwa. Koma anthu ambiri ku Chinsapo amakhala pa lendi, ndipo palibe amene anaziganizira.

Anagwira ntchitoyo Maloweruka awiri, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Che Idi anaikapo luso lawo lonse. Anachotsa mitengo yodyedwa ndi chiswe n'kuika yatsopano, anayala malata molunjika bwino, ndipo msomali uliwonse unalowa pamzere. Amayi a kalabu anati khoma lisachite manyazi pansi pa denga lotere, choncho analipaka laimu. Malata akale anapatsa Adamu, mmisiri wokhoma mbaula. Pa tsiku lopereka kunabwera wojambula, ndipo chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala: mamembala akumwetulira, Mayi Agatha ali pakati manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana pansi. Dengalo linkawala moti munthu ankaliona ali kumsewu waukulu. Che Idi ankati akamapita kumzikiti ankadzera njira yaitali kuti alione.

Patatha milungu itatu, Mayi Zuhra anabwera kuchokera kotunga madzi, natula ndowa osalowa nayo m'nyumba.

"Mwamva zimene denga lanu lachita?"

"Ladontha?"

"Bola likanadontha. Mayi aja awapatsa notisi. Achoke mwezi ukatha."

Che Idi anasiya thabwa lili pakati podula. Kwa Mayi Agatha anapeza mnyamata wovala jekete yachikopa akuyeza windo ndi tepi. Anali Gordon, mwana woyamba wa malemu eni nyumba.

"Ndinu amisiri ake? Eee, mdala, muli ndi dzanja!" anatero Gordon akupereka mkono. "Ndinaona m'nyuzi, ndinachita kufunsa mkazi wanga kuti kodi iyi si nyumba ya bambo?"

"Tinakhomera mayiwa," anatero Che Idi.

"Pakhoma la ndani?" Gordon anapinda tepi yake. "Musandiyang'ane ngati mfiti, mdala. Bambo anatisiya ana asanu ndi awiri, ndi kanyumba aka basi. Kale palibe akanalowamo, n'chifukwa chake tinkangowasiya agogowa. Pano pali nesi akufuna kulowa. Ine ndiwauze chiyani azing'ono anga?"

"Ndiye ndizula malata athu."

"Zulani. Agona pati, mitambo ili apoyi? Ndipo akale aja munazula mutapempha ndani?"

Gordon atapita, Che Idi anatsala ataima pakati pa bwalo.

"Che Idi, khalani pansi," anatero Mayi Agatha. "Mwaima ngati mtengo wa magetsi."

Anakhala pakhonde. "Mayi, bwanji simunatiuze?"

"Ndinakuuzani kawiri."

"Timayesa ndi ulemu."

"Kudontha kuja ndiye anali mlonda wanga. Munkafuna ndiimirire pagulu, anansi ali pampanda, ndinene kuti ndimakhala muno chifukwa palibe wina angafunemo? Munthu amanena zimenezo?" Anapukuta manja pachitenje. "Musadandaule kwambiri. Ndagonamo milungu itatu ngati mkazi wa bwana."

Loweruka kalabu inakangana mpaka dzuwa kufika pamutu. Abambo Lucious anati lipoti linapita kale kwa mwini sitolo, ndipo kuzula malata kungachititse manyazi kalabu yonse, mwinanso kuitanitsa apolisi. Telala anati alembe kalata yamphamvu. Kondakitala anati angomusonyeza Gordon yekhayo, zina zonse amusiyire. Mayi wina wa pamsika anati asonkhe thiransipoti, mayiwo abwerere ku Ntcheu.

"Ndinawafunsa," anatero Che Idi, ndipo anthu anatchera khutu chifukwa mkuluyo sankalankhula kawirikawiri pamsonkhano. "Akuti ku Ntcheu akawadziwa ndani? Manda a amuna awo ndi a ana awo ali kuno. Mphakati wawo wa kutchalitchi uli kuno. Ogula zitumbuwa ali kuno."

"Nanga kwanu kulibe malo, Che Idi?" anafunsa telala.

"Tili anthu asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri. Komabe ndinawauza. Akuti safuna kukhala katundu pakhomo pa munthu."

Pamapeto anatuma anthu atatu kukakambirana ndi Gordon. Anapita kawiri. Ulendo wachiwiri Abambo Lucious analankhula bwino ndithu, mpaka mnyamatayo anayamba kukanda m'mutu. Anavomera chinthu chimodzi: Mayi Agatha asamukire m'khitchini yakale kuseri kwa nyumba, akhalemo kufikira iye atadzafuna kuigwetsa kuti amangepo chipinda china. Liti, sananene.

Khitchiniyo inali yoti munthu akagona, mapazi amakhudza khoma. Mkati munali mwakuda ndi mwaye, ndipo denga lake linali loipa kuposa lija anazula. Tsiku losamutsa katundu kunabwera mamembala anayi okha, ndipo palibe anavala sikipa yobiriwira. Bedi linakana kulowa. Che Idi analidula miyendo ndi kulifupikitsa, akugwira sowo ngati munthu woti sanaigwirepo.

Mawa lake anapita kwa Adamu kukafunsa malata akale aja.

"Achimwene, mwachedwa," anatero Adamu akuloza mbaula zondandalika padzuwa. "Denga la mayi aja likuphikira nyemba Chinsapo yonse. Mukufuna dzimbiri la chiyani, inu anthu a zonyezimira?"

"Dzimbiri lomwelo ndi limene ndikufuna."

Anapeza zidutswa zitatu kuseri kwa shedi ya Adamu. Che Idi anazinyamula pamutu, pamodzi ndi pepala lakuda la pulasitiki, waya, ndi kachitini ka phula. Sanauze wapampando, sanauze aliyense. Anafika kwa Mayi Agatha masana, nesi uja ali kuntchito. Pafupi ndi khitchini panali mulu wa mchenga womangira nyumba, womwe dzulo lake panalibe. Onse awiri anauona.

Nthawi ino sanakwere msanga. Anatula katunduyo pansi n'kukhala pamwala.

"Mayi, ndabwera kudzafunsa. Mukati ayi, ndinyamula ndizipita."

Mayi Agatha anafufuza zidutswazo ndi zala, dzimbiri n'kuwatsalira m'manja. "Izi ndi zanga zomwe."

"Ndi zanu."

"Kunja kusaoneke kanthu."

"Sikuoneka."

"Ndipo nyundo isamveke. Mnansi wa kuseri kwa mpandayu ali ndi nambala ya Gordon."

Motero mmisiri wa zaka makumi atatu pantchito anakonza denga osakhoma msomali ndi umodzi womwe. Anagwira ali mkati, atawerama, mwaye ukuwagwera m'maso. Zidutswa anazilowetsa kunsi kwa malata obooka n'kuzimanga ndi waya. Timabowo anatimata ndi phula cha mkati. Pulasitiki anaiyala pamwamba pa bedi, yopendekera kukhoma. Miyala ndi matayala za pamwamba sanazisunthe. Atamaliza anatuluka akutsokomola, nkhope ili bii.

"Maso angawa sakuona patali," anatero Mayi Agatha. "Kaimeni kumpanda uko mundiuze. Kukuoneka bwanji?"

Che Idi anapita kumpanda, natembenuka. Kutsogolo kunali denga lawo lija, likuwala pansi pa mitambo yakuda. Kuseri kwake kunali kakhitchini kopendama.

"Koipa, Mayi. Ngati khola la mbuzi."

"Mwagwira ntchito."

Mvula inayamba asanatole zida. Anathawira m'khitchinimo, mayiwo pabedi, iwo atanjuta pakhomo. Anakhala akumvetsera, maso ali kudenga. Pamwamba pa bedi panali pouma. Pakati panali pouma. Koma pakona ya kukhomo dontho linagwa, kenaka lina, mpaka pansi panayamba kuchita matope. Che Idi anatambasula dzanja kuti atenge chitini cha phula.

"Pamenepo pasiyeni," anatero Mayi Agatha. "Gordon akabwera adzapeze ponyowa."