Chikepe Sichili pa Jenereta

Achemwali anga ukawapatsa kompyuta yakufa amaidzutsa, koma ukayerekeza kuwamvera chisoni chifukwa cha miyendo yawo amakuyang'ana mpaka umasowa pothawira. Poliyo inawagwira ine ndisanabadwe. Ndakula ndikuwaona pa njinga ya olumala, akukolopa, akuchapa, ndipo ndikachita mwano patapata yawo inkandipeza ngakhale ndithawire kuseri kwa chitseko. Chinthu chimodzi chokha chimene sankalola ndi kunyamulidwa. Ngakhale bambo athu ankadziwa kuti amenewo ndi malire.

Ine ndine dalaivala wa takisi, za makompyuta ndilibe nazo mutu. Chimene ndikudziwa n'chakuti achemwali amagwira ntchito pakampani ina yaing'ono yolemba mapulogalamu, ndipo anatha zaka akupanga pulogalamu yochenjeza zipatala zing'onozing'ono mankhwala asanathe m'mashelefu. Anailemba pathebulo lathu lodyera, mbale titazikankhira kumbali. Ndiye kutabwera msonkhano waukulu wa zaumisiri mumzinda wina wakutali, okonza msonkhanowo anawapatsa mpata woti aionetse pamaso pa anthu, m'mawa wa tsiku lachiwiri. Kwa nthawi yoyamba anthu akanaona nkhope ya mwini ntchitoyo, osati ya abwana awo, amene amakonda maikolofoni ngati mwana ndi switi.

Nkhani inavuta pa hotelo. Msonkhanowo unkachitikira m'hotelo yaikulu yokhala ndi zipinda zogona pansi pomwe, ndipo achemwali anapempha kuti agone momwemo. Koma anzawo a kuntchito, amuna okhaokha, anakhala pansi n'kuyamba kufufuza mwaukatswiri wawo. Anawerenga ndemanga za alendo, anayerekezera liwiro la intaneti hotelo ndi hotelo, mpaka anaimba foni kufunsa ngati pafupi ndi bedi pali soketi. Anapeza hotelo ina kutsidya kwa mzinda imene intaneti yake akuti inali ngati mphezi. Achemwali atafunsa za masitepe, abwana anati, "Chikepe chilipo, mayi. Jenereta iliponso. Tafunsa zonse."

Achemwali ndinawatenga ndine pagalimoto yanga, chifukwa basi ya kampani njinga siilowa. Anatipatsa zipinda pamwamba penipeni, akuti n'kumene intaneti imagwira bwino. Chikepe chinatikweza bwinobwino, ndipo ine chitsiru ndinayamikira.

M'mawa wa tsiku lachiwiri magetsi anazima. Jenereta inalira nthawi yomweyo, mababu anayaka, ndipo anzawo aja anatsika masitepe akuseka, zikwama za malaputopu kumsana, akuti akutsogola kukakonza malo. Achemwali anatuluka atavala suti yawo yabuluu, tsitsi atalikonza, n'kudina batani la chikepe. Zii. Anadinanso. Ndinathamangira pansi kukafunsa mayi wolandira alendo.

"Pepani bambo, chikepe sichili pa jenereta," anatero mayiyo. "Jenereta yathu ndi yaing'ono. Imayatsa mababu, masoketi ndi intaneti basi."

"Nanga anthu aja atakuimbirani simunawauze?"

"Anafunsa ngati intaneti imazima magetsi akathima. Ndinawauza kuti siizima. Za chikepe sanafunse."

Ndinamva kutentha m'mutu. Amuna ophunzira, oti amagwira ntchito ndi munthu wa pa njinga tsiku ndi tsiku, amamutsegulira chitseko, amadya naye, anakumbukira soketi ya pafupi ndi bedi n'kuiwala kuti mnzawoyo adzatsika bwanji! Akanakhala anthu oipa mtima bwenzi ndikungoti ndi mmene alili. Koma ayi, ndi anthu oseka nawe, ongoti m'mutu mwawo laputopu ili ndi malo, munthu alibe.

Nditabwerera pamwamba ndinapeza achemwali ali pa foni ndi abwana, mawu ali pamtunda kuti ndimve.

"Bwana, intaneti ilipo kuno, yothamanga ija munkaifuna ija. Ndilumikizeni pa sikirini ya m'holo, ndilankhulira konkuno."

"Aaa, mayi, zimenezo zivuta. Okonza msonkhano safuna zosinthasintha. Musadandaule, zithunzi zanu zonse ndili nazo. Mukachedwa ndingoyamba ine."

Abwana anadula foni. Achemwali anayang'ana masitepe, opapatiza, okhotakhota ngati a pa thanki ya madzi. Kenako anati, osandiyang'ana, "Iwe, tabwera undibereke."

Sindinkayembekezera kuti mawu amenewo ndidzawamva. Ndinagwada, iwo anandikolekera manja m'khosi, ndipo tinayamba kutsika pang'onopang'ono. Mlonda wa pahoteloyo ankatitsatira ndi njinga, ikugunda khoma pokhota paliponse. Alendo ena ankatipatsa njira akuti, "Ayi pepani, pepani mayi," ndipo "pepani" aliyense ndinkamva zala za achemwali zikundikanikiza paphewa. Siketi ya suti ija inakwinyika, nsapato imodzi inagwa, mlonda anaitola. 

Pamsewu napo panali mzere wa magalimoto wosaona kothera, popeza maloboti anali atazima. Ndinadutsa njira zachidule zonse zimene dalaivala angaganize, ndinaimba hutala mpaka anthu kunditukwana. Titalowa m'holo ya msonkhano tinapeza anthu akuwomba m'manja. Abwana anali kutsogolo, maikolofoni m'manja, kumbuyo kwawo kuli chithunzi chomaliza cha ntchito ya achemwali. Anthu anawazungulira, kuwagwira chanza, kuwapempha nambala ya foni.

Abwana atationa anabwera akumwetulira, thukuta lili kamukamu. "Mayi, zayenda bwino kwambiri! Ndipo ndakutchulani, ndati tili ndi gulu lolimbikira." Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma intaneti ya kuhotelo kuja mwaiona, eti?"

Ndikanawamenya. Ndikunena zoona, dzanja linali litanyamuka kale, koma achemwali anandigwira malaya. "Tiye kugalimoto," anatero.

Sanafune kukhalanso tsiku lina. Tinakatenga katundu wathu, mlonda anatitsitsira, ndipo tinauyamba ulendo wobwerera. Tinatuluka mumzinda ine ndikutukwana chamumtima. Titafika pamsewu waukulu ndinamva akukonza pakhosi. Anawongola kolala ya suti ija, anakhala tsonga, n'kuyang'ana kutsogolo.

"Mwadzuka bwanji nonse," anatero ndi mawu amphamvu. "Ine ndi amene ndinalemba pulogalamu imene muione lero."

Ndinazimitsa wailesi. Analankhula zonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumpha kanthu, akuloza ndi dzanja zithunzi zimene panalibe. Zambiri sindinazimve. Atamaliza anapuma pang'ono n'kufunsa ngati pali amene ali ndi funso, ndipo m'galimoto monse munali ine ndekha.