Magiga a Amalume a Fayisoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinakhala mwini wa kakompyuta ka magemu kogwira m'manja, ndipo ndinene poyera kuti sindinakakhetsere thukuta. Bambo anga anali dalaivala wa azungu ena ku Area 10, ife tikukhala m'kanyumba ka kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Azunguwo pobwerera kwawo anagawa katundu mmene amagawira anthu otopa ndi kulongedza: mlonda anapata ambulera, wophika anapata mipando iwiri yosafanana, ine ndinapata kamakinako. Kanali kakuda, mabatani uku ndi uku, mng'alu pakona ya sikirini, ndipo kakatentha kankanunkha ngati simbi yoiwalika pa malaya.

Munali gemu ya mpira, yomanga timu yakoyako. Lamlungu masana bambo ankakhala pakhonde n'kumasintha mayina a osewera mwachidwi ngati akulemba wilo. Goloboyi anamutcha dzina la mlonda wathu, ati poti onse awiri amagona pa ntchito. Wogoletsa zigoli anamutcha dzina la amayi, poti akaponya mawu saphonya. Amalume a Fayisoni, achimwene awo a amayi, anawaika pa benchi, ndipo kwa nyengo zisanu za ligi sanawalowetse m'bwalo ngakhale mphindi imodzi.

Bambo anamwalira mvula ya chaka chotsatira. Tinasamukira ku Kawale. Jekete lawo linapita kwa abale, nsapato zinapita kwa abale, wailesi nayo inapeza m'bale wake. Timu ija inatsala ndi ine chifukwa abale sankadziwa kuti iliko. Inkakhala pa memori khadi, kanthu kochepa ngati chikhadabo, kolowetsa m'mbali mwa makinawo.

Tsono khadiyo inadzaza, ine n'kulakalaka gemu ya magalimoto. Amayi anati, "Pita kwa amalume ako, si ndi injiniya?"

Uinjiniya wa amalume unali tebulo limodzi pansi pa ambulera ku Area 2, laputopu yoguluka mabatani atatu, ndi mswachi wakale wotsukira mafoni. Panali fumbi, fungo la chipisi, ndi abambo anayi pa benchi amene ntchito yawo inali kuvomereza chilichonse chimene amalume anena. Amalume anaitenga khadi yanga, n'kuiyang'ana monga munthu ayang'anira ntchentche m'tiyi.

"Mphwanga, aka ndi kathumba ka machesi. Ine ndikupatsa nkhokwe."

Anatulutsa khadi yatsopano m'kapepala konyezimira. Pamwamba pake panalembedwa 128, manambala agolide. Abambo a pa benchi anaimba mluzu. Magiga ochuluka chotero, anatero mmodzi, ngakhale ku Capital Hill alibe.

Ndinaima kumbuyo kwawo, manja kumsana, n'kumayang'ana pa laputopu. Panali njira ziwiri: kukopera, kuti zakale zitsale pomwe zili, kapena kusamutsa, kuti zichokeretu. Zimenezi ngakhale ine wa Sitandade 7 ndinkazidziwa. Chala cha amalume chinalunjika pa kusamutsa.

"Amalume, kapena tikanayamba takopera..."

"Iwe, ine ndinayamba kutsegula mafoni iwe ukuyamwa. Ukufuna undiphunzitse pamaso pa anthu?"

Benchi yonse inandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Ndinaleredwa bwino, tsoka langa linali lomwelo. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti pepani. Atamaliza anati khadi yakaleyo ndiisiye, ingandisokoneze. Ndinalandira yatsopanoyo ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuthokozanso.

Masiku awiri nkhokwe ija inagwira ntchito. Tsiku lachitatu ndinaikamo gemu ya magalimoto, ndipo nditatsegula ya mpira ndinapeza bwalo lili mbee. Mlonda kulibe, amayi kulibe, ngakhale benchi kulibe. Makinawo anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuyamba timu yatsopano.

Ndinathamanga kuchoka ku Kawale mpaka ku Area 2. Khadi yakale ija amalume anali ataipukuta kale, n'kuidzaza nyimbo, n'kuipereka kwa kondakitala wa minibasi. Amalumewo sanadzuke n'komwe pampando.

"Ndi vayirasi imeneyo. Ana inu mumangodina paliponse."

Benchi inavomereza kuti inalidi vayirasi.

Kunyumba amayi anamvetsera akusita yunifolomu yanga. Ndinkayembekezera kuti anena kuti amalume sititsutsana nawo. Iwo anaimika simbi, n'kufunsa chapansipansi, "Ndiye ine ndinali nditagoletsa zingati?"

"Makumi anayi ndi chimodzi."

"Bambo ako ankandiuza Lamlungu lililonse," anatero, n'kupitiriza kusita kolala imene anali ataisita kale.

Patapita zaka ndinalowa koleji kukaphunzira za makompyuta, ndipo chaka chachiwiri ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Komabe ndinatolako kanthu. Mphunzitsi wina anafotokoza kuti pali makhadi achinyengo: kunja alemba 128, m'kati muli magiga anayi okha, ndipo khadiyo sikana katundu. Imalandira zonse mwansangala, ikufufuta zakale mwakachetechete kuti zatsopano zipeze malo. Anzanga ankalemba notsi. Ine ndinangoona nkhope ya amalume, ndi manambala awo agolide pachipumi.

Koma chimene ndimanyoza kwambiri si khadiyo, kapenanso amalume, amene mpaka lero ali pansi pa ambulera yomweyo akupukuta zinthu za anthu. Ndimanyoza mnyamata waulemu uja, amene anaona chala chikupita polakwika, akudziwa, n'kusankha kupepesa. Ulemu ndi wabwino, sindikukana. Munthu wamkulu mpatseni moni ndi manja awiri, mpatseni mpando, mpatseni nyama yonona. Khadi yakale yokha ikani m'thumba lanu, ndipo musaitulutse mpaka mutaona ndi maso anu kuti zonse zafika.

Pano ndili ndi kamakina kena, ndipo khadi yake ndinasintha ndekha, nditakopera kawiri. Timu ndinaimanganso momwe ndikuikumbukira, ngakhale mayina atatu mwa amene bambo anapatsa osewera anandithawa ndipo sadzabweranso. Amalume a Fayisoni sindinawachotse, mwambo ndimaudziwa. Ali pa benchi, nyengo yachisanu ndi chinayi tsopano.