Vani ya Bwana Wamkulu Siifa

Nasibu anabwera ku Doha ngati dalaivala, koma musamufunse misewu. Galimoto imene anapatsidwa ndi nkhalamba ya vani yokhala ndi bedi, sinki ndi chitofu cha gasi mkati, yomwe bwana wamkulu ankapita nayo kukagona kuchipululu nyengo yozizira. Bwanayo anadwala sitiroko, miyendo n'kukana. Vani inatsala pansi pa shedi kuseri kwa nyumba ku Bin Omran, ndipo Nasibu anatsala nayo limodzi.

Ntchito yake ndi yoti isafe. Amaona oyilo ndi madzi, amapala dzimbiri pa batire, amapaka thovu la sopo pa paipi ya gasi kuti aone ngati ikudontha mpweya. Mateyala akakhalitsa malo amodzi amaphwatalala, choncho amasuntha vaniyo mpaka pakhoma, kenako n'kubwerera. Ulendo wake ndi womwewo. Anzake aulonda amamuseka kuti mu Qatar monse ndiye dalaivala yekhayo amene apolisi sanamuimitsepo.

Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti, amakankha bwanayo pa njinga yake ya olumala kuti adzamvere injini. Mkuluyo amatsinzina, n'kunena kuti kukazizira apita, inshallah.

Tsono kumudzi ku Namwera mwana wa Nasibu, Yasmin, anapeza banja. Nasibu anakapempha tchuthi kwa mwana wa bwana, amene anamuyankha maso ali pafoni. Akuti bambo ake salola munthu wina kugwira vaniyo, koma tsiku limene idzafe, tikiti idzagulidwa pompo.

Lachisanu lotsatira Nasibu anamasula waya wa batire. Anabweretsa mkulu uja, iye n'kukwera vani, n'kupotoza kiyi. Zii. Anapotozanso, mtima uli kale pabwalo la ndege. Atayang'ana pagalasi anaona mkuluyo akuyesa kudzuka pa njinga, pakamwa pake popotoka pakuitana dzina la Nasibu. Mkuluyo sanakwiye ayi. Anali ndi mantha basi.

Chifundo chinapha nkhwali. Nasibu anamva chisoni, ndipo anadana nacho chisonicho, koma anatsika ndithu. Anatsegula boneti, anamanga waya uja, injini n'kulira ngati yogula dzulo.

Madzulo ake mkazi wake Rabia anaimba foni.

"Nanga bwanji, bambo a Yasmin? Tikiti yapezeka?"

"Galimoto idakali moyo."

"Si paja munati lero ifa?"

"Inafa pang'ono. Ndaidzutsa ndekha. Khalas, basi zatha, leave yakanika."

Nasibu ankamva nkhuku za kwawo zikulira kuseri kwa foni.

"Chabwino," anatero Rabia. "Ndiwauza achimwene anu a Bakali kuti pa ukwati wa nikah mwana akapereke ndiwo."

M'mawa mwake Nasibu anaona oyilo ndi madzi, anasuntha vani mpaka pakhoma, n'kubwerera.