Kamwala Kamene Kanasowa pa Sikelo

Bambo a nyumba yoyandikana nafe amasonkhanitsa timasikelo takale toyezera makalata. Tadzaza pawindo ndi pashelefu, kalikonse ndi timiyala take tamkuwa. Mvula ikayandikira amatipukuta ndi kansanza ka mafuta kuopa dzimbiri, kenako amatiyang'ana ngati thadzi ndi anapiye ake. Amakonda kunena kuti, "Sikelo sinama, imangokalamba." Akazi awo, omwe amasoka zovala, amayankha kuti, "Kukalambako ndiye mwafanana."

Tsiku lina m'nyengo ya mphepo ndinawamva akukuwa, ndipo ndinathamangirako. Kamwala kochepetsetsa, konga nyemba, kanali katasowa, ndipo mdzukulu wawo wokwawa anali pansi pa tebulo akumeza malovu. Mayi a mwanayo anamupisa chala m'kamwa, osapeza kanthu. Ine ndinagwada n'kumafufuza pansi pa mipando.

"Ndapha mwana ndi zidole zangazi," anatero bambowo. "Tiyeni kuchipatala!"

Pomwepo akazi awo analowa kuchokera kumsika.

"Mukufuna kachitsulo kachikasu kaja? Ndinakasokera mumpendero wa katani dzulo. Mphepo imangoiulutsa."

Bambowo anapapasa mpenderowo, n'kukhala pansi, misozi ndi kuseka pamodzi.

"Mayi, zaka zonsezi mumati n'zopanda ntchito!"

"Kamodzi kokhako ndi kamene kapeza ntchito," anayankha akazi awo.

Tsiku lomwelo timiyala tonse tinakwezedwa pamwamba pa kabati. Kaja sanakatulutse. Mpaka lero mphepo ikawomba, katani ya pawindo lawo imangoti zii.