Nkhope ya Malemu Alfonsi

A Paison Tembo anakalambira pa makwerero. Zikwangwani za masitolo a amwenye mu Fort Jameson ankalemba ndi iwo, ngakhalenso mitu itatu ija ya pakhomo la wometa tsitsi, yofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Paunyamata wawo ankalakalaka kujambula anthu enieni, koma moyo unathera pa nsapato, sopo ndi mabotolo a mankhwala a chifuwa. Masiku a Chitaganya anawapeza msana utapindika, ntchito itawakola.

M'chipinda mwawo munali chithunzi chosindikiza chimene mzungu wina wa fodya anataya posamuka. Chinali nkhope ya munthu yodukaduka, mphuno kumbali, maso onse awiri pa tsaya limodzi, ngati mbale yosweka yomatidwa ndi munthu woledzera. A Paison ankachiseka, ndipo anachikhoma pakhoma kuti chibise mng'alu basi.

Tsiku lina kunabwera mayi Felesita a ku Madzimoyo. Amuna awo, a Alfonsi, anafera ku mafamu a ku Halale osasiya chithunzi ngakhale chimodzi.

"A Tembo, nkhope ya bambo a ana anga ikundithawa," anatero mayiwo. "Ndikatsinzina ndingoona chipewa. Ndijambulireniko ndisanaiwaliretu."

"Nanga ine ndinawaonapo, mayi?"

"Mukafunse abale, akakuuzani."

A Paison anamva chisoni, napalasa njinga mpaka ku Madzimoyo. Mlongo wa malemu anakumbukira mphumi ndi mpata wa mano. Mnzawo wa kwaya ankangodziwa khutu lakumanzere ndi tsaya, poti ankaima pambali pawo kutchalitchi. Mayi Felesita eni ake anapereka nkhongo ndi phewa losenza sutikesi. Uyu akuti mphuno inali yaitali, uyo akuti yophwatalala. Amati mutu umodzi susenza denga, koma apa mitu yambiri ndiyo inaligwetsa.

Atabwerera kuchipinda kwawo, a Paison anajambula, kufufuta, kujambulanso, zidutswa zikukanirirabe kugwirizana. Atatopa nazo, utoto nawo ukutha, anangoika chilichonse monga anauzidwira, khutu apa, mphumi apo, nkhongo pambali pa mano. Atacheukira kukhoma anagwidwa manyazi, pakuti chawocho chinafanana ndi cha mzungu chija ankachiseka.

Anakachipereka atazyolika, akudikira kutukwanidwa.

"Pepani mayi, zandikanika," anatero. "Munthu sakhala chonchi."

Mayi Felesita anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa phewa lija.

"Ayi, ndi iwowa," anayankha motsitsa mawu. "Ine sindinawaonepo athunthu. Ankabwera pa Khirisimasi, ndisanawayang'anitsitse n'komwe ali kale pamsewu, akundionetsa nkhongo."

Mayiwo anakulunga chithunzicho m'chitenje, nachibereka kumsana, n'kulowa nacho m'nyumba.